Katoni yoyera ya a bambo a Tamanda

Mwaswera bwanji nonse, akumudzi ndi akuno.

Galimoto ija mwakhala mukulimbirana kuti tikutumizireni ku Malawi, lero yatichititsa manyazi. Potuluka ku tchalitchi ku Takoma Park yafuka utsi wabuluu, mpaka amayi ena kutithamangira poganiza kuti tikupsa.

Miyezi yonseyi alamu anu, a bambo a Tamanda, akhala akuyala katoni pansi pa injini, m'mawa n'kudzandionetsa: "Mwaona, mayi a Tamanda? Palibe ndi dontho lomwe." Koma oyilo akuthira sabata iliyonse, mabotolo ali mbwee m'buti.

Tapita nayo ku Annandale kwa a Zulu, makaniko wa ku Lusaka. Alamu anu anyamulanso katoni yawo ngati satifiketi. A Zulu ayang'ana katoniyo, kenako amasula pulagi imodzi. Yatuluka yakuda bii, yonyowa ndi oyilo.

Akuti, "Mudala, ikanakhala kuti ikudontha, sembe nakonza lero lomwe. Iyi sitaya pansi, ikuwotcha mkati. Maring'i a mapisitoni atha, injini yonse itsitsidwe."

Ndiye kuti umboni umene ndakhala ndikuonetsedwa tsiku ndi tsiku unali wa matenda aakuluwo. Chonsecho mawa ndili ndi shifiti kwa wodwala amene ndimamusamalira, kumene sitima za Metro sizifika. Alamu anu apinda katoni yawo bwinobwino n'kubwerera nayo kunyumba.

Tsono achimwene a Yohane ndi a Gift, mukuti bwanji? Tikonze, kapena tiikweze pa sitima yapamadzi momwemo? Amene akuifunabe anene msanga. Katoni tiperekera limodzi.