Adada ku mathithi

Mwaswera bwanji nonse. Manje tatulukira ku Kambombo, netiweki yagwira.

Paja adada anaumirira kuti ndiwaperekeze ku mathithi a kumapiri aja, kumene ankapita ndi amama tisanabadwe. Tinagona m'njira, miyendo inatupa, koma tinakafika.

Mukudziwa kuti pamaliro a amama sanagwetse msozi. Kumathithiko adada anandipatsa ndodo yawo, n'kukaima pafupi ndi madzi, pomwe mkokomo umagonthetsa m'khutu. Ndinangoona mapewa akugwedezeka, pakamwa pali yasa. Sindinamve kalikonse.

Atabwerako anati, "Mwanawe, madzi andilowa m'maso." Ndinangowapukuta ndi chitenje changa.

Lero njira yonse akhala akung'ung'udza nyimbo ija amama ankaimba posinja.

Abale, ndiwafunse, kapena tingovomera kuti anali madzi?