Mtsuko wa Kuseri kwa Golo

Ine mpira wa nsapato sindinausewerepo. Nthawi yathu tinkamenya chikulunga ndi mapazi, ndipo nditakula ndinapita kukaswa miyala ku Njuli. Kumeneko ndiye ndinalidziwa dzuwa. Mwezi wa Okutobala mwala umatentha ngati mbaula, nyundo imaterera m'manja, ndipo ndaonapo amuna onenepa kuposa ine akugwa chagada, maso atatembenuka. Ine sindinagwepo. Ndinkanyowetsa chiguduli n'kuchikoleka m'khosi, m'madzi akumwa n'kuthiramo kamchere pang'ono, basi. Funsani aliyense wa msinkhu wanga, ngati alipo otsala.

Msana utakana, anyamata a timu ya m'mudzi mwathu anandipempha kuti ndiziwaperekeza. Chimene ankafuna ndi pakamwa pangapa, chifukwa ine ndikakuwa pagolo ili, wa golo linalo amatembenuka. Kunena zoona ndinakondwa. Mayi a kunyumba anali atatisiya, ana ali ku Limbe, ndipo Loweruka linali tsiku lokhalo limene munthu ankabwera kudzandiitana.

Koma ndinkawaona hafu yachiwiri, miyendo ikulemera, malilime panja. Ndiye ndinatenga mtsuko wa malemuwo. M'mawa ndinkaudzaza pa mjigo wa kusukulu, kuukulunga ndi chiguduli chonyowa, kuuvindikira, n'kuuika pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa golo. Mtsuko wadothi umaziziritsa wokha, aliyense amadziwa. Nthawi yopuma ndinkayamba ndatunga akumwa, kuthiramo kamchere. Kenako aliyense avule jezi, aviike, afinye pang'ono, avalenso. Madzi ena pakhosi, ena m'khwapa. Ndipo sindinkalola munthu kuvundukula mtsukowo nthawi isanakwane, chifukwa ana amangopisamo manja akuda ndipo madzi amafunda.

Tinayamba kupambana. Anzathu akamatopa, athu ndi pamene ankathamanga. Anthu anayamba kundipatsa moni wa manja awiri, ine n'kumati akulemekeza nzeru.

Chaka chimenecho tinafika mu fainolo ndi timu ina ya cha ku Magomero. Mpira unayamba dzuwa lili paliwombo, ati kuti alendo abwerere kusanade. Ngakhale mbuzi zinali zitabisala. Hafu yoyamba inatha osagoletsana. Nditangogwada kuti ndivundukule, ndinaona mapazi andizungulira. Anali masapota a alendo, kutsogolo kuli mnyamata wamtali wopenta nkhope.

"Madala, mumphikamo muli chiyani?"

"Si mphika uwu, ndi mtsuko. Kwanu amayi ako amatungira m'chipewa?"

"Nanga mcherewo? Tamva mbiri yanu. Mukutimanga miyendo inu."

"Miyendo yako yamangidwa ndi kachasu, usandinamizire ine!"

Anthu anaseka, koma woyimbira mpira anabwera nati sayambitsa hafu yachiwiri mpaka aone. Ine wa mpingo, wobatizidwa ndili khanda, anditche wamankhwala pamaso pa mudzi wonse? Ndinatunga kapu, kumwa. Ndinatunganso, kudzithira kumutu. Ndinakuwa mwakuti ngakhale amayi ogulitsa zitumbuwa kumsewu anamva.

"Ndi madzi awa! Madzi a pa mjigo! Mchere ndi wa pa okala! Mulibe muzu, mulibe mchira, mulibe kanthu! Amene akufuna abwere amwe!"

Wopenta nkhope uja anamwa, nati, "Eee, koma ndi ozizira." Anaitana osewera awo. Anabwera, kumwa, kudzithira m'khosi, wina mpaka kuviika jezi. Ine ndinaima chilili, manja m'chiuno, ndikuti ndawaonetsa.

Nditacheuka, pa anyamata anga panalibe ndi mmodzi yemwe amene anali atavula jezi. Kaputeni wathu, mwana amene ndinamuona akukwawa, anandiyandikira.

"Agogo, mwanena zija pofuna kuwapusitsa, eti?"

"Kupusitsa ndani? Vula jeziyo, nthawi ikutha."

"Ndiye kuti masiku onsewa munalibe kanthu?"

"Munali madzi!"

"Madzi okha?"

Anandiyang'ana ngati ndamubera. Goloboyi anakhala pansi, nati iye sanyowetsa jezi yake ndi madzi wamba, angadwale chimfine. Awiri okha ndi amene anaviika, mwina pondimvera chisoni. Ena analowa m'bwalo ouma, makosi ali gwa.

Zimene zinachitika sindifuna kuzitalikitsa. Alendo ankathamanga ngati ayamba kumene. Wathu wakumbuyo mwendo unamukoka, anagona pansi akulira. Tinamwa zigoli zitatu. Ndinakuwa mpaka mawu anatha, ine amene mawu sanandithereko chibadwire. Mtsuko ndinasenza ndekha pobwerera.

Patapita masiku anabwera wapampando wa timu, munthu waulemu, anakhala pa khonde, kufunsa za msana, za mvula, za ana. Kenako anati, "Bambo, komiti yaona kuti mwakula, muzipumako. Tapeza munthu wina wa kutsidya kwa malire, azitithandiza."

Ndinamuuza kuti dzuwa silidziwa sing'anga. Ndinamuuza za miyala, za amuna amene ndinawaona akugwa. Ankangoti, "Zoona, bambo, zoona," maso ali pa njinga yake.

Kufotokoza kumatopetsa. Ndafotokozera abusa, ndafotokozera anzanga a pa bawo, ndipo aliyense amagwedeza mutu kenako n'kufunsa motsitsa mawu kuti, koma zoona zake, munkathiramo chiyani? Ena amati ndinaulula dala chifukwa alendo anandigula. Ndasiya kuyankha.

Sabata yatha mdzukulu wa mlongo wanga, amene amasewera kutsogolo, anadutsa pano. Ndinamufunsa za munthu wawo watsopanoyo. Akuti wawalamula kuti tsiku la mpira asasambe, asamwe, asakhudze madzi mpaka wezulo yomaliza, chifukwa madzi amasukulutsa mankhwala. Ndinadzuka kuti ndipite kubwalo ndikawakalipire onsewo. Ndinafika pa mpanda, mawondo anakana, ndinabwerera kudzakhala pansi.