Mbasela ya Inshuwalansi

Ine sindigula chinthu pa mtengo woyamba. Amayi a pamsika ku Natuseko akandiona ndikubwera amayamba akweza mtengo wa tomato kuti tikakumane pakati. Khalidweli ndinatengera bambo anga, amene anagwira ntchito ku njanji mpaka kupuma. Iwo ankati munthu wolipira osanenerera ndiye kuti ndalamazo si zake.

Chaka chathachi makolo a ku Mukobeko, ambiri mwa iwo ogwira ntchito kundende, ankafuna munthu wonyamula ana awo kupita kusukulu m'tauni ndi kuwabweza masana. Kaminibasi ndili nako, kokalamba koma kosadwaladwala. Tinagwirizana mtengo wa mwana aliyense, ine n'kumadzitama mumtima kuti ndawapanikiza. Pomaliza wapampando wawo, mayi wina waudindo kundendeko, anati asanandipatse ana ndionetse inshuwalansi yaikulu, yoteteza galimoto ndi okweramo, osati kotchipa kaja kongoonetsa apolisi pamsewu. Sukulu ikatsegulidwa ndilibe, ana apita kwa wina.

Ndinapita ku kampani ina m'tauni imene anzanga ankaiyamikira. Mtsikana wa pakauntala atanditchulira mtengo, ndinayamba nyimbo yanga ija: mafuta akwera, ana kunyumba, ndine kasitomala wa mawa ndi mkuja. Anandimvetsera mpaka ndinatha. Kenako anati mtengo sautsitsa iye, koma pali mbasela ya madalaivala amene akhala zaka osapempha kampani kuti iwalipirire ngozi. Zaka zikachuluka, mbaselayo imakula.

Apo mtima unakhala pansi. Chiyambire kuyendetsa sindinapemphepo kampani iliyonse kanthu. Ndikakhulana ndi munthu pamsewu timathana pomwepo, wina agule nyale, wina alipire wowongola galimoto.

"Ndiye n'zosavuta, abambo," anatero mtsikanayo. "Mutibweretsere kalata yochokera ku kampani yanu yakale, yonena zaka zimene mwakhala nawo osapempha malipiro."

"Yakale iti?" ndinafunsa.

Anandiyang'ana ngati ndafunsa dzina la mkazi wanga. Koma funsolo linali loona. Inshuwalansi ndinkagula ya miyezi itatuitatu, pamodzi ndi msonkho wa pamsewu, ndipo ikatha ndinkazungulira maofesi onse n'kugula kwa amene wagonja tsikulo. Ndinkati ndi nzeru. Zibwenzi ndinali nazo tauni yonse, ukwati ndiye ayi.

Ndinayamba kuzungulira. Ofesi yoyamba ndinapeza muli mnyamata wogulitsa mafoni, ndipo za inshuwalansi sanamvepo. Yachiwiri anati mafayilo onse ali ku Lusaka, atumiza pempho, ndibwere mawa. Mawa lake netiweki inagwa. Mkuja wake wosainira makalata anapita kumaliro. Nditabweranso anandifunsa ngati ndinasiya pempho, poti iwo sakuliona.

Yachitatu munali bambo wina wonenepa amene tsiku lina ndinamupanikiza mpaka anadula gawo lake lomwe kuti ndigule. Ndinkayembekeza kuti anaiwala. Ndisanakhale n'komwe anayamba kuseka.

"A mdala, mwabwera kudzandimalizitsa? Munatithawa kuno chifukwa cha ndalama yosakwana ndi chitumbuwa chomwe. Lero mukufuna ndilembe kuti ndinu athu?"

Ndinati kalatayo ingonena zoona basi. Anavomera kuti zoona ndi zaulere, n'kulemba kuti ndinakhala nawo theka la chaka, moduladula, osapempha kanthu. Ndinamunyengerera kuti aonjezereko pang'ono chikwane chaka, popeza ndife anthu odziwana.

"Mbasela amaika pa nsomba za kapenta, a mdala. Pa miyezi ayi."

Kunyumba ndinakhuthula kabokosi ka m'galimoto n'kusonkhanitsa timapepala tonse tozungulira tija timamata pagalasi, tina tofufuma ndi dzuwa, tina tong'ambika pomatula. Mkazi wanga anandifunsa ngati ndayamba kutolera zinyalala za khonsolo. Ndinatiika mu pulasitiki pamodzi ndi kalata ya theka la chaka ija n'kubwerera ku kampani yatsopano.

Mtsikana uja anatiyala patebulo, n'kuitana abwana ake. Abwanawo anali munthu waulemu, zimene zinandipsetsa mtima kwambiri, chifukwa waulemu sukangana naye. Anandifotokozera kuti timapepalato tikuonetsa kuti ndinkalipira, osati kuti sindinapemphe malipiro. Anandionetsanso mipata pakati pake, masabata amene ndinkayenda wopanda kanthu ndikusakasaka wotchipa. Iwo amawerenga chaka chathunthu pa kampani imodzi. Anati akundikhulupirira ndithu, koma pa kompyuta palibe polemba zokhulupirira.

Ndinati chabwino, tigawane, andipatse theka la mbasela. Anapukusa mutu. Ndinatsika mpaka kachidutswa. Ndinaimirira n'kuyenda cha kuchitseko pang'onopang'ono, monga ndimachitira pamsika, kudikira kuti andiitane. Ndinafika mpaka pakhonde. Nditacheuka, anali akuthandiza munthu wina.

Linali Lachisanu, sukulu ikutsegulidwa Lolemba. Ndinalowanso ndekha, osaitanidwa, n'kulipira mtengo wonse ndi ndalama zimene ndinasungira matayala. Abwana aja anandigwira chanza n'kunena kuti ndikakhazikika chaka osasuntha, mbasela iyamba. Ndinati ndamva.

Madzulo ake ndinapita ku Mukobeko kukaonetsa pepala kwa wapampando uja. Ataliwerenga, ndinayamba kufotokoza mmene zinthu zadulira, kuti mwina tionjezereko pang'ono pa mwana aliyense. Anandimvetsera ndi nkhope ya munthu amene amamva madandaulo tsiku ndi tsiku kuntchito.

"Tinagwirizana kale, abambo. Kuno kwathu munthu akagamulidwa, apilo amakachitira kukhoti."

Lolemba m'mawa ndinanyamula ana aja pa mtengo womwe uja, pa matayala omwe aja, ndikuyenda pang'onopang'ono moti ana anayamba kudandaula kuti achedwa.