Kukatenga Yotamu ku Vubwi

Ndinanyamuka ku Sinda m'mamawa nditavala jekete lomwe ndinavala pa chinkhoswe cha mng'ono wanga Yotamu, ngakhale mabatani anakana kukumana pamimba. Nkhoswe yake ndinali ine, ndipo womanga ukwati ndiye amakaumasula. Mkazi wake, alamu anga a Zelesi, anamwalira chaka chatha, n'kumusiyira ana. Tsopano akuchikazi anali atandiitana kuti amusudzule Yotamu, achoke pachikamwini abwerere kwathu.

Minibasi ya ku Katete inadzaza mpaka kondakitala anayenda msana uli panja. Mayi wina anandikhazika tambala pamiyendo.

"Ndi wa chinkhoswe ameneyo, bambo, mumugwire bwino. Tikukasinthana ndi msoti."

Ndinamugwira bwino, koma mtima unandiwawa. Inenso ndinanyamulapo tambala chonchi.

Ku Chipata ndinadya chinangwa chokazinga, n'kukwera lole ya feteleza mpaka ku Vubwi. Wanjinga yamoto anandifikitsa pamudzi dzuwa litapendeka, fumbi lili m'mano.

M'mawa mwake tinakhala pamphasa. Atsibweni a malemu anaika pakati khasu ndi nkhwangwa, zimene anapatsa Yotamu tsiku la chinkhoswe kuti azidyetsa banja ndi kulimangira. Mipini yake inali itasalala.

"Anawa akadali aang'ono," ndinatero. "Bwanji bambo wawo akhalebe pompano?"

"Ankhoswe, sitikumupirikitsa ayi," anayankha atsibweniwo. "Watilimira, watiikira maliro. Koma ndi mwamuna. Mawa akafuna kukwatira, mkaziyo adzalowa m'nyumba ya mwana wathu? Anawa ndi mbumba yathu, sagona ndi njala. Azibwera kudzawaona."

Ankanena zoona, ndipo n'chimene chinandipweteka kwambiri. Yotamu anatenga nkhwangwa, khasu n'kusiyira mwana wake wamkulu, Tisa.

Pobwerera ine ndinkaganiza kuti ankhoswe timadziwa mawu omasulira mwamuna kwa mkazi, koma omasulira bambo kwa ana palibe anatiphunzitsa.

Titatsika ku Katete kudikira basi ya ku Sinda, Yotamu anapita kwa mayi wogulitsa zitumbuwa.

"Ndipatseni ziwiri zazikuluzo, ana amazikonda."

Atalandira zitumbuwazo m'kapepala anaima, n'kuyang'ana msewu umene tinadzera. Anaima nthawi yaitali. Kenako anabwera n'kundipatsa.

"Akulu, idyani."

Zinafika ku Sinda zili m'thumba la jekete, zitazizira.