Chaka Chimene Ndinkafuna Kubwerera Kunyanja

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene banja lathu linasamuka ku Nkhata Bay n'kudzakhala ku Mchengautuwa, mumzinda wa Mzuzu. Tinalipo anayi: bambo, mayi, ineyo Temwa, ndi mlongo wanga wamng'ono Wongani, yemwe anali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Bambo anali kalipentala. Kunyanja ankakonza maboti a matabwa, koma ntchitoyo inkabwera mwa apo ndi apo. Mnzawo wina atawauza kuti ku Mzuzu nyumba zikumangidwa zambiri ndipo anthu akusowa owapangira zitseko ndi mafelemu, anayamba kuganizaganiza. Amene analimbikira kuti tipite anali mayi. Bambo anavomera, koma anati tikayese kaye chaka chimodzi. Chikadzatha tidzakhala pansi tonse anayi, aliyense adzanene maganizo ake, kaya tikhale kaya tibwerere.

Mawu amenewo ndinawagwira ndi manja awiri. Kuyambira tsiku limene tinatsitsa katundu wathu pa kanyumba ka lendi ka zipinda ziwiri, ine ndinkangowerengera miyezi.

Mzuzu sindinaukonde m'pang'ono pomwe. M'mawa kunkacha ndi chifunga choti nyumba ya aneba osaiona. Madzi a pampopi ankaluma m'manja. Mvula ikagwa, matope ofiira ankamatirira ku nsapato mpaka munthu kumayenda ngati wanyamula njerwa kumapazi. Kusukulu anzanga ankalankhula Chitumbuka, ndipo ndikayankha m'Chitonga changa ankaseka, choncho ndinathawira ku Chichewa, n'kumangoonjezerapo ka yewo, zikomo wa Chitumbuka, pofuna kuti andilandire. Mumtima ndinkangoona kwathu. Kumeneko tikaweruka tinkaponya yunifolomu pamwala n'kulumphira m'madzi. Nsomba tinkadya ya tsiku lomwelo, ndipo khomo lililonse linali la wachibale. Sindinkamvetsa kuti munthu wanzeru zake angasiye bwanji zonsezo n'kudzakhala kumalo kumene ngakhale dzuwa limatuluka mwaulesi.

Ndinasanduka loya wa nyanja m'nyumba mwathu. Mpopi ukauma ndinkati kunyanja madzi sasowa. Ndiwo zikakhala masamba okhaokha ndinkati kwathu bwenzi tikudya nsomba ya batala. Mayi ankangondiyang'ana, osayankha, ndipo ine ndinatsimikiza mumtima kuti iwo nyanja amadana nayo.

Pa Khirisimasi tinapita kukacheza kwa mayi aang'ono, mng'ono wawo wa mayi, amene anatsala ku Nkhata Bay. Tisanatsike n'komwe minibasi, mayi anatichenjeza kuti tizisamba kumiyala kumene mafunde amamenya, osati pa kadziwe ka mabango kamene kanali pamene kamtsinje kamathirira m'nyanja. Koma Wongani ankaopa mafunde, ndipo pakadziwepo madzi anali ofunda, odekha, odzaza tiana ta nsomba tomwe tinkatikola ndi chitenje. Ndinamutengera kumeneko tsiku lililonse kwa milungu iwiri. Ndinkafuna kuti nayenso akumbukire kukoma kwa kwathu, kuti tsiku lokambirana likadzafika adzakhale mbali yanga.

Tinabwerera ku Mzuzu, sukulu n'kutsegulidwa. Tsiku lina m'mwezi wa Malichi, titafika kunyumba kuchokera kusukulu, Wongani anandikokera kuseri kwa bafa. Nkhope yake inali ya mantha.

"Adumbu," anatero, poti umu ndi mmene ankandiitanira, "ndikamakodza kukumatuluka magazi."

Ndinadziwa nthawi yomweyo kuti ndi likodzo. Mwana aliyense wokulira kunyanja amalidziwa. Ndinadziwanso kumene analitenga, ndi amene anamupititsa kumeneko. Koma chimene chinayamba kubwera m'mutu mwanga sichinali chipatala. Ndinaganiza kuti mayi akamva zimenezi, nkhani yobwerera yathera pomwepo. Adzaimirira pamaso pa bambo n'kunena kuti onani zimene nyanja yachita kwa mwana.

Ndinamuuza Wongani kuti asaope, anyamata onse akunyanja zimawachitikira ndipo zimatha zokha. Ndinamuuza kuti akaulula, bambo adzamukwapula chifukwa chosamba pamabango. Makabudula ake ndinayamba kuchapa ndine, mayi n'kumandiyamikira kuti ndayamba kukula. Mayi akatipatsa zitumbuwa zopita nazo kusukulu, changa ndinkamupatsa iye. Mwanayo anandikhulupirira, pakuti ndinali ndisanamunamizepo.

Panapita miyezi itatu. Wongani anasiya kusewera mpira. Ankadandaula m'mimba, ankagona m'kalasi, ndipo pokwera kachitunda ka kusukulu ankaima kawiri kuti apume. Mayi anamugulira juzi ina pa kaunjika, poganiza kuti mwina ndi mphepo. Apa ndi pamene pamandichititsa manyazi mpaka lero. Tsiku lina tikudya, mayi atadandaula kuti mwanayu akuonda, ine ndinayankha kuti ndi kuzizira kwa Mzuzu kumeneku, kunyanja sankadwala chonchi. Wongani anangoweramitsa mutu. Ndinatenga matenda amene ndinkabisa n'kuwasandutsa umboni pa mlandu wanga.

M'mawa wina wa mu Juni, ana onse ataima pamzere kusukulu, Wongani anagwa. Aphunzitsi ake anandiitanitsa, ndipo ndinamupeza atamukhazika pakhonde, milomo itayera. Anatumiza uthenga kumsika kumene mayi ankagulitsa usipa wouma. Mayi anafika pa kabaza, mpango uli m'manja, ndipo tonse atatu tinapita kuchipatala.

Adokotala anamutsegula chikope n'kunena kuti magazi achepa. Anamupatsa kabotolo kuti akakodzeremo. Atabwera nako, sipanafunikenso makina kuti munthu aone. Adokotalawo anamufunsa mofatsa kuti zimenezi zinayamba liti. Wongani anatembenuka n'kundiyang'ana ine, ngati akupempha chilolezo. Mayi anatsatira maso akewo mpaka anafika pa ine, ndipo ndinaona nkhope yawo ikusintha.

"Malichi," ndinayankha ndine.

Adokotala anati tachita mwayi, chifukwa likodzo likakhalitsa limawononga chikhodzodzo. Anamupatsa mapiritsi akuluakulu owawa oti amwe atadya, ndi ena ang'onoang'ono obwezeretsa magazi. Atamva kuti tinkasamba limodzi anandiyezanso ine, ndipo anandipeza nalo, ngakhale kuti sindinali nditaonapo chizindikiro chilichonse.

Tinabwerera kunyumba. Bambo atamva, anati nkhaniyi aisiya m'manja mwa mayi. Ndinkayembekezera chikwapu, ndipo kunena zoona ndinkachifuna, kuti mwina mtima ungapepuke.

Tsiku lotsatira linali Loweruka. Mayi anandiuza kuti nditenge beseni tikachape kuseri kwa nyumba. Tinachapa kwa kanthawi, manja atachita dzanzi ndi madzi ozizira. Kenako anandifunsa chifukwa chake. Sanakalipe, anangofunsa. Ndinalira, n'kuwauza zonse: za pamabango, za makabudula, za zitumbuwa. Pomaliza ndinati ndinkaopa kuti akadziwa sitidzabwereranso, poti iwo nyanja amadana nayo kale.

Mayi anasiya kuchapa n'kupukuta manja pa chitenje.

"Ine kudana ndi nyanja? Temwa, iwe wakhalako zaka khumi ndi ziwiri. Ine ndinabadwira m'nyumba yoti mafunde amamveka kuchipinda. Amama anga anaikidwa komweko."

Anandiuza zinthu zimene sindinkazidziwa. Anati mlungu woyamba ku Mzuzu ankalirira m'bafa kuti ife tisawaone. Anati m'mawa uliwonse akadzuka amayamba atchera khutu, n'kumva matayala a njinga m'malo mwa madzi. Anati akamatsegula thumba la usipa kumsika, fungo lake limawafikitsa pakhomo pa mayi awo. Ankakhala chete ndikamatamanda nyanja chifukwa zonse zimene ndinkanena zinali zoona, ndipo zinkawapweteka.

"Likodzo ndinadwalapo kawiri ndili mtsikana," anatero. "Ndinanena, anandipatsa mankhwala, ndinachira. Nyanja ili ndi matenda ake, Mzuzu ulinso ndi ake. Chimene chikanamupha Wongani si madzi ayi. Ndi iwe mlongo wake, amene anakuthamangira ali ndi mantha, iwe n'kumutseka pakamwa chifukwa ukufuna malo."

Chikwapu sichikanandipweteka chotero. Chilango chimene anandipatsa chinali chakuti mpaka sukulu itatsekera, ndizidzuka ndine m'mawa kukoleza mbaula, kuphikira Wongani phala la nsinjiro, kuonetsetsa kuti wamwa mapiritsi ake, ndi kumunyamulira chikwama popita kusukulu. Anandiuzanso kuti ndikamupepese, ndipo ndimuuze ndi pakamwa panga kuti zonse zimene ndinamuuza zinali zabodza. Chimenechi ndicho chinali chovuta koposa. Wongani anandimvetsera, kenako anandifunsa ngati zitumbuwa zija zipitirire. Ndinaseka misozi ili m'maso.

M'mawa wa mu Juni ndi Julaye ku Mzuzu si wamasewera. Ndinkakupiza makala mano akugundana, utsi ukusakanikirana ndi chifunga. Koma m'masabata amenewo ndinaona milomo ya mlongo wanga ikubwerera mtundu wake. Tsiku limene anandilanda chikwama n'kuthamanga kukwera kachitunda kaja osaima, ndinaima panjira n'kuthokoza Mulungu.

Mu Ogasiti chaka chinakwana, ndipo bambo anasunga lonjezo lawo. Tinakhala pamkeka Lamulungu masana titachoka kutchalitchi. Ine ndinali nditakonzeka kukhala chete, poganiza kuti ndinataya ufulu wolankhula. Mayi anakana. Anati ndinene zimene zili mumtima, chifukwa kubisa ndi kumene kunatipweteka. Ndinanena kuti ndikufunabe kunyanja. Wongani, amene tonse tinkaganiza kuti madzi sadzawafunanso, anati nayenso akufuna kunyanja, bola kumiyala. Bambo anaseka, n'kuvomera kuti nawonso amasowa kukhoma boti.

Mayi analankhula pomaliza, ndipo za likodzo sanatchule n'komwe. Anati kunyanja ndi kwabwino kulera ana: mwana sagona ndi njala, abale ali pafupi, ndipo pakagwa vuto anthu amafika usanawaitane. Koma anatikumbutsa miyezi ya mphepo ya mwera imene maboti ankakhala pamtunda bambo n'kusowa chochita. Anatchula asuweni athu awiri amene anali anzeru m'kalasi koma nyanja inawakopa n'kusiya sukulu asanafike Sitandade 8. Anati ana ena amatha kukhala pafupi ndi nyanja n'kumaphunzira bwinobwino, koma ine, amene ndinkathawa masamu kukasambira, ankandidziwa. Ku Mzuzu bambo anali ndi ntchito ya tsiku ndi tsiku, ndipo ine ndinali kulowa kalasi ya mayeso. Anapempha kuti tikhale, tizipita kunyanja pa holide.

Tinakhala. Chodabwitsa n'chakuti sindinakwiye. Kwa nthawi yoyamba ndinaona kuti amene akutipempha kukhalayo ndi amene akutaya zambiri kuposa tonsefe.

Papita zaka zambiri tsopano. Ine ndinazolowera chifunga, ndine mphunzitsi, ndipo ndikulera ana anga ku Katoto, mu Mzuzu momwemu. Wongani ndiye anabwerera. Anaphunzira kukonza mainjini a maboti, anakwatira, ndipo akulera ana atatu ku Nkhata Bay. Ana akewo ndi athanzi, amasambira ngati nsomba, ndipo woyamba anasankhidwa kupita kusekondale. Bambo atamwalira, mayi anapita kukakhala naye, moti masiku ano akadzuka amamvanso mafunde.

Anzanga akuntchito akapatsidwa mwayi wosamukira kutauni ya m'mbali mwa nyanja amakonda kundifunsa ngati ndi malo abwino kukhala ndi banja, poti amadziwa kuti ndine wakumeneko. Ndimawauza za kutentha, za udzudzu, za madzi a pamabango, ndi za ana amene sukulu imawalaka. Ndimawauzanso za nsomba, za anthu ake, ndi za ana a Wongani. Ndimati banja lathu lomwelo linapeza mayankho awiri, ndipo onse anali olondola pa nthawi yake. Chimene sindinena kawirikawiri, koma ndicho ndinaphunzira, n'chakuti ndisanafunse ngati malo ali abwino ndimayamba ndayang'ana anthu amene ndikupita nawo, kuti ndani akufuna chiyani, ndani akuvutika mwakachetechete.

Ndimawathokoza mayi kuti sanandilole kuimba mlandu nyanja, ndiponso sanandiphunzitse kudana nayo, ngakhale kuti kutero kukanawapeputsira ntchito. Ndimamuthokozanso Wongani. Mpaka lero akakhala ndi chomuvuta, munthu woyamba kumuimbira foni ndine, ndipo sindinamuuzenso kuti akhale chete.