Mwana Woseka pa Tsamba Lopanda Chithunzi

Mayi Mabel Sankhulani ali ndi zaka 61, ndi amasiye, ndipo amagawa chakudya cha masana pa sukulu ina ya pulaimale ku Kings Heath. Ntchitoyi aigwira zaka 18. Asanabwere kuno anaphunzitsa Sitandade 2 ku Ntcheu kwa zaka khumi ndi zinayi.

Anafika ku Birmingham mu 1977 potsatira amuna awo, a Rex, amene anabwera kudzaphunzira ku yunivesite. Ankati akhala zaka zitatu basi. Chaka chachitatu chisanathe kunabwera kalata ya mizere iwiri yochokera kwa akulu awo a a Rex, yonena kuti kumudzi nyengo siili bwino, ayambe akhala kaye. Aliyense wa nthawi imeneyo ankadziwa kuwerenga kalata zotere. Anakhaladi. A Rex anamwalira mu 1989 ndipo anaikidwa konkuno.

Setifiketi yawo ya uphunzitsi anthu a kuno anaiyang'ana n'kuibweza mwaulemu. Mayi Sankhulani anavala epuloni n'kulowa kukhitchini. Sadandaula nazo. Amati mwana umamudziwa msanga pa mbale kuposa pa bolodi.

Nkhani imene Amalawi a kuno amawatchula nayo ndi ya mu 1996. Zaka zimenezo boma linali litayamba kuyesa ana mayeso ofanana dziko lonse, ndipo zotsatira za sukulu yawo zinali pansi. Khonsolo ya mzinda inaika sukuluyo m'gulu la zoyenera kuunikidwa. Kunayamba kubwera anthu onyamula mafayilo, n'kumakhala kumbuyo kwa makalasi pa timipando ta ana, mawondo ali m'mwamba. Mphunzitsi wamkulu, Mayi Helen Cartwright, anaonda. Anauzidwa kuti alembe mayina a ana onse otsalira, kuti komiti ya khonsolo idzaone chochita ndi aliyense. Analemba khumi ndi awiri.

Dzina lachisanu linali la Zoe Likongwe, wa zaka zisanu ndi ziwiri, mwana yekhayo wachimalawi pa sukulupo. Anali atabwera mu Seputembala. Mkalasi sankalankhula. Akamupatsa buku ankangoliyang'ana ngati wapatsidwa njerwa. Pa fomu yake bambo ake analemba kuti chilankhulo cha mwanayo ndi Chingerezi, choncho aphunzitsi anangoti vuto lili m'mutu. Maganizo anali oti apite ku sukulu ya ana ovutika kuphunzira, kutsidya lina la mzinda. Mayi Sankhulani ankadziwa kuti khomo limenelo n'losavuta kulowa, koma kutuluka ndi ochepa.

Mayi Cartwright anawapempha kuti amulankhule mwanayo m'chilankhulo cha kwawo, mwina atseguka. Anayesa. Anamufunsa ngati akufuna mbatata ina, mwana anagwedeza mutu kuvomera. Anamuuza kuti atenge supuni yagwa pansi, anatenga. Kumva ankamva, pakamwa ndiye panali potseka. Anamulembera mawu atatu a Chichewa papepala, mwana anawayang'ana n'kuwabwezera. Mayi Sankhulani anakanena zomwe anaona, ndipo dzinalo linakhalabe pa mndandanda. Komiti inali yoti ibwere Lachinayi la sabata yotsatira.

Lachisanu masana, akupita kukataya zotsala, anadutsa m'kachipinda kokolekamo majasi a ana. Anaona nsapato ziwiri pansi pa majasi. Zoe anali atakhala pamenepo ndi kabuku kothaitha, kakang'ono ngati chikhatho, milomo ikuyenda. Mayi Sankhulani anaima ndi ndowa yawo. Maso a mwanayo ankayenda mzere ndi mzere, chala chili pansi pake. Kenako anaseka yekha, n'kutembenuza tsamba.

Tsambalo linalibe chithunzi. Munthu amene waphunzitsa Sitandade 2 zaka khumi ndi zinayi sangasokoneze zimenezi. Mwana wosatha kuwerenga amasaka zithunzi. Uyu anaseka mawu.

Atawaona anabisa kabukuko m'sokosi. Iwo anatambasula dzanja, ndipo mwana anapereka. Zilembo zinali zomwezi, koma sichinali Chingerezi, sichinali Chichewa. Anamubwezera, n'kumuuza kuti apukute mphuno.

Loweruka anakwera basi ziwiri kupita ku Small Heath, kumene banja la a Likongwe linkachita lendi pamwamba pa sitolo ya nyama. Bambo a mwanayo, Ackson, anali mnyamata wa zaka za m'ma 30, wophunzira za nkhalango, wongoyamba kumene ntchito yosamalira mitengo ya m'misewu. Mkazi wake Deliwe ankaphunzira unamwino. Anawalandira ndi tiyi ndi masikono. Mayi Sankhulani anamwa kaye, kenako anafunsa kumene ankakhala asanabwere ku Birmingham.

Ackson anati ku Wales, m'kamudzi kena pafupi ndi Bangor, zaka zinayi. Mwana anayambira sukulu kumeneko. Mayi Sankhulani anafunsa kuti ankaphunzira m'chilankhulo chanji. Ackson anayang'ana m'kapu. Deliwe ndiye anayankha kuti m'Chiwelishi, zonse, kuwerenga ndi masamu omwe, chifukwa sukulu ya m'mudzimo inali imodzi yomweyo, ndipo Chingerezi cholemba amayamba mwana akakwana zaka zisanu ndi ziwiri. Iwo anasamuka chaka chomwe akanayamba.

"Ndiye pa fomu munalembapo chiyani, bambo a Zoe?"

"Anti, chimenecho ndi chilankhulo cha kumudzi. Venakyula. Ndikanalemba chimenecho akanamuika kumbuyo."

"Pano ali kutsogolo?"

Ackson anafotokoza nthawi yaitali. Anati pa sukulu imene iye anaphunzira, wogwidwa akulankhula Chichewa ankavekedwa fupa la ng'ombe pakhosi, ndipo amene lamuthera tsiku ankakakumba dzenje. Iye analivala kambirimbiri mpaka anaphunzira kutseka pakamwa, ndipo kutseka pakamwako n'kumene kunamufikitsa ku yunivesite. Choncho tsiku loyamba la sukulu ya kuno anamukhazika Zoe pansi n'kumuuza kuti Chiwelishi chatsala ku Wales, asadzachilankhulenso, angamve. Mwana anamvera. Chingerezi chake chinali cha pa TV, chosakwana kuyankhira mphunzitsi, choncho anangosiya zonse.

"Fupalo ndikulidziwa," anatero Mayi Sankhulani. "Ndavekapo ana a eni ake ndi manja angawa. Palibe amene anachenjera nalo. Inu mwamulanda mwana khasu, kenako mukudabwa kuti sakulima."

Ackson anati anthu a khonsolo akamva kuti ananama pa fomu, zingafike mpaka pa mapepala ake okhalira m'dziko muno. Iwo anamuuza kuti a khonsolo ali ndi ntchito zambiri kuposa kuthamangitsa wodula nthambi. Deliwe sanadikire kuti mwamuna wake avomere. Analowa kuchipinda, anakoka sutikesi pansi pa bedi, n'kubwera ndi envelopu. Munali lipoti la sukulu ya ku Wales, masamba awiri olembedwa pamanja. M'nyumbamo wotha kuliwerenga anali mmodzi, ndipo anali ataletsedwa.

Mayi Sankhulani ali ndi kadimba pa malo a khonsolo kumene anthu amabwereka mizere yolimapo. Amadzala maungu chifukwa cha nkhwani, ndipo azungu oyandikana nawo amadabwa chaka ndi chaka kuona munthu akuthyola masamba n'kusiya dzungu. Wa mzere wotsatira ndi a Wallace Pritchard, mphunzitsi wopuma wa zaka 70, mmodzi wa Awelishi ambiri amene anabwera kudzaphunzitsa mumzinda uno nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha. Zaka zisanu ndi zitatu anakhala akuwamva akutukwana nkhono za m'kabichi m'chilankhulo chawo. Lamulungu atatuluka m'tchalitchi anawapeza akupalira, n'kuwapatsa envelopu.

A Pritchard anapukuta manja pa thalauza, anavala magalasi, anawerenga mpaka pansi, n'kubwereza. Anafunsa kuti mwanayo ndi wa ndani. Atauzidwa anakhala pa ndowa. Lipotilo linkati Zoe ndi amene ankawerenga bwino kuposa onse mkalasi mwake, anapambana pa mpikisano wolakatula, ndipo vuto lake linali limodzi: kulongolola.

"Kulongolola," anabwereza Mayi Sankhulani.

"Zalembedwa kawiri," anatero a Pritchard. Anafunsa tsiku ndi ola limene komiti idzakhale, n'kunena kuti adzavala tayi.

Lolemba Mayi Sankhulani anakauza Mayi Cartwright. Mayiyo anali ndi mafayilo mpaka pachibwano. Anati mndandanda unatumizidwa kale, sangaubweze, koma makolo amaloledwa kubwera ndi munthu wowathandiza, ndipo iye sadzatseka chitseko.

Lachinayi komiti inakhala mu laibulale ya sukulu. Anali atatu: khansala wachimuna wa ndevu zoyera, mayi wa ku ofesi ya maphunziro, ndi katswiri woyeza nzeru za ana. Nthawi ya Zoe inali 11:30, nthawi yomwe mbatata zimatuluka mu uvuni. Mayi Sankhulani anasiyira mnzawo Beatrice chipande, n'kukalowa ndi epuloni yomwe. Khansala anafunsa kuti iwo ndi ndani. Anati ndi ogawa chakudya. Anawayang'ana kanthawi, n'kuwalozera mpando.

A Pritchard anamasulira lipoti. Katswiri uja anamvetsera, kenako ananena chinthu chanzeru: pepala ndi pepala, iye akufuna kumva mwanayo. A Pritchard anatulutsa buku lawo m'thumba la jekete, losakhala lija la m'sokosi, kuti wina asadzati analoweza. Anawerama n'kumulankhula Zoe m'Chiwelishi.

Mwana anatukula mutu msanga ngati waitanidwa dzina pamsika. Pakamwa panatseguka. Kenako anayang'ana bambo ake, n'kutsekanso.

A Pritchard anayesanso. Zii. Mayi wa ku ofesi anayang'ana wotchi. Katswiri anayamba kulemba. Ackson anali atakhala chowongoka mu suti yake ya pa tsiku lolandira digiri, maso ali pa khoma.

Mayi Sankhulani sanakweze mawu. Analankhula m'Chichewa.

"Bambo a Zoe, munamanga ndinu. Masulani."

Ackson anatsika pampando n'kugwada bondo limodzi, suti yomweyo, kuti maso ake afanane ndi a mwana.

"Zoe, mama, ndinalakwitsa ndine. Awerengere agogowa."

Mwana anafunsa m'Chingerezi, motsitsa, ngati sadzakalipa akafika kunyumba. Amenewo anali mawu oyamba amene Mayi Cartwright anamva kuchokera pakamwa pake. Ackson anati sadzakalipa.

Zoe anayamba pang'onopang'ono. Pofika mzere wachinayi anali akuthamanga. Anamaliza tsamba, anatembenuza, anapitiriza. A Pritchard anamufunsa mafunso pa zomwe wawerenga, iye n'kumayankha, mayankho ake otalika kuposa mafunso. Pena anawadula mawu. Mkuluyo anaseka mpaka kuvula magalasi, n'kuuza komiti kuti mwanayu akuti iwo amalankhula molakwika, chifukwa iwo ndi a kumwera kwa Wales pamene iye ndi wa kumpoto, ndipo kalankhulidwe kake ndi ka mlimi wa nkhosa weniweni. Khansala anafunsa ngati angamuuze kuti aime kaye. A Pritchard anati ayesa, koma lipoti linachenjeza kale.

Katswiri anatseka fayilo. Anati mwana amene amawerenga chonchi m'chilankhulo chimodzi safunika sukulu ina, amafunika munthu womuonetsa Chingerezi cholemba, ndipo sipatenga chaka. Mayi wa ku ofesi anakhwatcha dzina lachisanu. Khansala anatenga mndandanda n'kufunsa Mayi Cartwright ngati ana khumi ndi mmodzi otsalawo anafunsidwapo zomwe amatha kuwerenga kunyumba kwawo. Anali asanafunsidwe. Khansala anati afunsidwe komiti isanagamule chilichonse.

Deliwe analira pang'ono pakhonde. Ackson anafuna kugwira dzanja la Mayi Sankhulani ndi manja awiri, koma iwo anati mbatata zikupsa, n'kubwerera kukhitchini. Analandira chipande kwa Beatrice n'kuyamba kugawa. Woyang'anira khitchini anawalembera chenjezo chifukwa chochoka pa ntchito osapempha. Analisayina.

Mwa ana khumi ndi mmodzi aja, atatu anapezeka kuti amawerenga Chiurdu kapena Chibengali, ndipo anatsala pa sukulupo. Enawo mavuto awo anali enieni. Sukulu inakhalabe m'manja mwa ounika chaka china chathunthu, ndipo Mayi Cartwright anapuma ntchito isanakwane nthawi yawo. Nkhani ya mwana mmodzi sikonza sukulu.

Patapita milungu ingapo Ackson anapita kudimba kukathokoza a Pritchard, ndipo m'kucheza anatchula za fupa lija. Mkuluyo anati agogo ake ankavekedwa kathabwa pakhosi pa mlandu womwewo. Anaima awiriwo kuyang'ana kabichi. Kenako a Pritchard anamupempha kuti, poti ndi katswiri wa mitengo, awadulireko nthambi ya mtengo wa maapozi imene inkatchinga dzuwa.

Zoe tsopano ali ndi zaka zisanu ndi zinayi ndipo ali m'gulu lachiwiri la owerenga Chingerezi mkalasi mwake. Loweruka lililonse bambo ake amamuperekeza kudimba kukakangana ndi a Pritchard. Akamulankhula m'Chichewa amayankha m'Chingerezi, ngati ana ena onse a kuno. Mayi Sankhulani adzapuma ntchito mu Julayi, ndipo chenjezo lija likadali m'fayilo yawo.