Chimene Mng'ono Wanga Anasiyira Sikelo

Mng'ono wanga anachotsa mimba ali Folomu 4, ndipo amene anamuperekeza ndi ine. Ndinali m'chaka chachiwiri ku yunivesite. Lamulo la dziko lathu linkalola, koma linkafuna kuti madokotala atatu asaine, ndipo iye, mwana wa katekisiti wa m'dera lathu la Kabwata, sakanaima pamaso pa anthu atatu ndi nkhani yotere. Tinapita kwa mayi wina wodziwika ndi ntchitoyo. Anachira, anamaliza sukulu, makolo athu osadziwa kanthu.

Patapita zaka zisanu ndi chimodzi anakwatiwa ndi kalaliki wa m'boma, n'kukakhala ku Chelstone, dera lina la mumzinda womwewo. Atatenga pakati n'kuyamba sikelo, anamwino anamufunsa ngati mimbayo inali yoyamba. Anavomera, ndipo pa khadi panalembedwa choncho.

Mimba ili ndi miyezi isanu ndi iwiri ndinamupeza m'tauni, pamzere wogula saladi, mafuta ophikira aja. Zaka zimenezo chilichonse tinkachipeza pamzere. Anali atavala patapata za mwamuna wake, mphete ataimangirira pachingwe m'khosi chifukwa chala chinali chitaikana. Zikope zinali zotupa.

"Iwe, mapazi awa, ku sikelo akuti chiyani?" ndinafunsa.

"Apongozi akuti ni mwana mwamuna, ndiye nafufuma monga chitumbuwa," anatero akuseka. Kenaka anatsitsa mawu. "Ninaleka, ba sisi."

"Unaleka bwanji?"

"Ba nesi anapima, akuti magazi athamanga maningi. Ndiye anifunsa futi, 'Ni yoyamba zoona iyi?' Baziba, ba sisi. Vionekela mu thupi."

Mantha ake anali ndi maziko. Kwathu kutupa kwa mayi wapakati sikuonedwa ngati matenda wamba: pamakhala wina amene walakwa. Akanagonekedwa m'chipatala, apongozi ndi alangizi akanabwera kudzamuzungulira kuti aulule, monga amachitira ndi mayi amene akuvutika pobereka. Mlanduwo ukanafika kwa mwamuna wake, kenaka kwa bambo athu, kenaka kutchalitchi.

Ine za tsempho sindinkakhulupirira, ndipo ndinkanyadira kusakhulupirirako. Komabe ndinali ndi chikhulupiriro changa chovala mawu a kusukulu: ndinkaganiza kuti mayi amene anamuchotsa mimba uja anawononga china chake m'chiberekero, ndipo kutupaku kunali chotsatira chake. Tonse awiri tinafika pamfundo imodzi, yakuti matenda ake anali umboni. Ndiyenera kunenanso kuti umboniwo unkakhudza ine.

Choncho sindinamugwire dzanja kupita naye kuchipatala masana omwewo, ngakhale basi inali pafupi. Ndinamuuza kuti achepetse mchere, azigoneka miyendo pa pilo, ndipo adikire ndimupezere dokotala wa ku Woodlands amene sadziwa banja lathu.

"Mutu nawo uniŵaŵa," anatero. "Nthawi zina niona tunyenyezi."

"Ndi dzuwa limeneli. Pita ukagone, saladi ndikubweretsera."

Dokotalayo anali atapita kunja kwa mzinda, ndipo anatipatsa tsiku sabata yotsatira. Kutatsala tsiku limodzi, m'mawa, mng'ono wanga anagwa akuyanika zovala n'kuyamba kuphupha. Anthu oyandikana nawo anathamanga kukafuna galimoto. Mwana anatuluka atafa kale. Mng'ono wangayo anakhala masiku awiri osatsegula maso, lachitatu anatisiya.

Pamaliro achibale athu ananong'onezana kuti mlamu wanga ndiye anamusempha, kuti ankayenda ndi akazi ena mkazi wake ali ndi pakati. Munthuyo anakhala chozyolika, osadziteteza. Ine ndinali chapafupi, ndipo sindinatsegule pakamwa.

Zaka zambiri zitadutsa ndinafunsa dokotala wa amayi amene tinaphunzira naye limodzi. Anayankha mosamala. Anati kuchotsa mimba sikudziwika kuti kumayambitsa kuthamanga kwa magazi kotere. Mimba yoyamba ndiyo imakhala pangozi yaikulu, ndipo zikuoneka kuti mimba yam'mbuyo, ngakhale imene sinafike mapeto, mwina imachepetsako ngoziyo pang'ono, ngakhale akatswiri sanagwirizane kwenikweni. Namwino amabwereza funso lija kwa aliyense amene magazi ake akwera, kuti adziwe womuyang'anira kwambiri. M'mapazi otupa mulibe chimene angawerengemo za kale. Anawonjeza kuti mayi wofika msanga nthawi zambiri amapulumuka.

Anandifunsa kuti nkhaniyi inali ya ndani. Ndinati ya mnzanga wina wa kuntchito.